Khutu lamva koma dikishonale ikukana: kufufuza Chijapani cholankhulidwa ndi cha m'nyimbo

Magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka anabwera atagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo ena mwa iwo amalankhula. Mukangoliza injini, mawu a mzimayi amatuluka chapansi pa chiwongolero, mwaulemu ndithu: "ETC kaado ga sounyuu sarete imasen." Madalaivala ena amati galimotoyo ikuwapatsa moni. Si moni ayi. Ndi kachipangizo kolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan, kakudandaula kuti khadi lake silinalowetsedwe.

Kachiganizo kameneka kali ndi mavuto ambiri amene munthu amakumana nawo akafuna kumvetsa Chijapani chotuluka pakamwa. Khutu lathu limamva "sonyu". Mukalemba "sonyu" m'dikishonale ya pa intaneti simupeza zimene mayi uja wanena, chifukwa o ndi u wa m'mawuwo ndi otalika. Mawu enieni ndi sounyuu, olembedwa 挿入, kutanthauza kulowetsa chinthu m'kati mwa chinzake. Nanga "sarete imasen"? M'dikishonale ya pepala mtolo wonsewo mulibe, muyenera kuumasula kaye. Imasen ndi kukana kwaulemu kwa mneni iru, amene akabwera pambuyo pa -te amasonyeza mmene zinthu zilili pakali pano. Sarete akuchokera ku sareru, kuchitidwa, ndipo sareru akuchokera ku suru, kuchita.

Kwa ife ntchito yomasulayi si yachilendo. Mlendo atamva "sindinamuonenso" n'kukafufuza pa S m'mtanthauziramawu wa Chichewa, abwerako chimanjamanja mpaka wina amuuze kuti tsinde lake ndi -ona. Kusiyana kwake n'kwakuti Chichewa chimaunjika zambiri kutsogolo kwa tsinde, pomwe Chijapani chimaunjika zonse kumbuyo.

Madikishonale abwino a Chijapani alipo, ndipo ambiri ndi aulere. Chimene chimasowetsa anthu mtendere ndi mtunda umene uli pakati pa phokoso lolowa m'khutu ndi mawu osungidwa m'buku. Pa mtunda umenewu pali malo angapo pomwe munthu amasochera, ndipo malo alionse ali ndi chida chake. Wofunsa kuti "dikishonale yabwino ndi iti" nthawi zambiri amakhala kuti wasochera asanafike n'komwe pa dikishonale.

Khutu ndi zilembo

Mchewa amayamba ali ndi mwayi. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu, a, i, u, e, o, ngati athu, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu. R wawo ali pakati pa l ndi r, zomwe lilime lathu linazolowera kale. Azungu amavutika nazo izi, ife ayi.

Pomwe timagwa ndi pa kutalika kwa liwu. Obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo aakazi. Yuki ndi chipale chofewa chogwa kumwamba nthawi yozizira, yuuki ndi kulimba mtima. Kite ndi "bwera", kitte ndi sitampa ya kalata, ndipo chosiyanitsa ndi kakuima kochepa pakati pa mawu. Ajapani amagawa mawu m'timagawo ta nthawi tofanana kutalika, totchedwa haku kapena mora. Tokyo kwa iwo ali ndi timagawo tinayi, to-o-kyo-o, ndipo n wa kumapeto kwa phatikizo amawerengedwa payekha. Kuwonjezera apo, polankhula i ndi u amazimirira akakhala pakati pa malembo ena opanda liwu: suki amamveka "ski", desu amamveka "des". Mawu akakana kupezeka, musafulumire kunena kuti dikishonale ndi yoperewera. Yesani kutalikitsa lembo la liwu limodzi, kenako lina, kenako yesani kuwirikiza t, k, p kapena s wa pakati. Kawirikawiri mawuwo amatulukira pa kuyesa kwachiwiri kapena kwachitatu.

Pamenepa ndi pomwe malembo athu a Chilatini, amene Ajapani amawatcha romaji, amayamba kusocheretsa. Kalembedwe kofala kwambiri kali ndi dzina la James Curtis Hepburn, dokotala komanso mmishonale wa ku America amene ankakhala ku Yokohama ndipo anatulutsa dikishonale ya Chijapani ndi Chingerezi mu 1867. Koma kwa zaka zambiri masukulu a ku Japan ankaphunzitsa kalembedwe kena kotchedwa Kunrei, kamene kamalemba si, tu ndi hu pomwe Hepburn amalemba shi, tsu ndi fu. Ndiye pa intaneti aliyense amalemba mmene wafunira. O wotalika yemweyo mumupeza atalembedwa ō, ou, oo, oh, kapena o wamba ngati kuti si wotalika. Munthu wodalira romaji yekha amakhala akuwerenga zimene wina anaganiza kuti wamva.

Malangizo anga ndi osakoma koma achidule: phunzirani hiragana ndi katakana, magulu awiri a zilembo za Chijapani zoimira maphatikizo, musanatsitse pulogalamu ina iliyonse. Gulu lililonse lili ndi zilembo zoyambira 46, ndipo munthu wakhama amazidziwa m'masabata ochepa. Kanji, zilembo zochokera ku China zonyamula tanthauzo ngati 挿入 uja, ndi nkhani ina. Boma la Japan linaika zilembo 2,136 pa mndandanda wa zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku mu 2010, ndipo ana a kupulayimale amaphunzira 1,026 mwa zimenezi. Koma kuti mufufuze kanji simufunika kuzidziwa zonse. Kale munthu ankayenera kuzindikira gawo lalikulu la chilembo mwa magawo 214 ndi kuwerenga mizere yake. Lero mumachijambula ndi chala pa foni kapena kuchiloza ndi kamera ya Google Lens, basi.

Madikishonale enieniwo

Mapulogalamu ambiri aulere amene mungapeze ali ndi gwero limodzi. Mu 1991 Jim Breen, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Monash ku Australia, anayamba kusonkhanitsa mawu a Chijapani ndi matanthauzo ake a Chingerezi m'fayilo yotchedwa EDICT. Mu 1999 ntchitoyi inakula n'kukhala JMdict, imene panopa ili ndi mawu oposa 200,000 ndipo anthu odzipereka amaikonzabe. Tsamba la Jisho.org, pulogalamu ya Takoboto pa mafoni a Android, ya Shirabe Jisho pa iPhone, zonsezi zimatunga pamenepo. Choncho kutsitsa mapulogalamu asanu sikukupatsani madikishonale asanu. Sankhani imodzi yogwira ntchito popanda intaneti, kuti bandulo ikatha musasowe pogwira, ndipo onetsetsani kuti imatha kubweza mneni ku tsinde lake mukalemba mtolo wonse ngati sarete imasen uja. Pa kompyuta pali Yomitan, yolowa m'malo mwa Yomichan yakale, imene imaonetsa tanthauzo mukangoloza mawu pa tsamba lililonse la Chijapani.

JMdict ndi yofulumira, koma imangondandalika mawu a Chingerezi motsatizana, ndipo kwa ife Chingerezicho ndi mlatho wachiwiri. Mneni ngati kakeru ali ndi matanthauzo oposa makumi awiri: kupachika, kuimba foni, kuvala magalasi, kuthira, kukhoma loko. Mndandanda sungakuuzeni kuti woimbayo akunena liti. Ziganizo zachitsanzo zimene zimabwera ndi mapulogalamuwa muzizitenganso mosamala. Zambiri zinachokera m'nkhokwe imene Yasuhito Tanaka wa pa yunivesite ya Hyogo anasonkhanitsa kudzera mwa ophunzira ake, ndipo ngakhale zakhala zikukonzedwa pa tsamba la Tatoeba, zina zimamvekabe ngati za m'buku la sukulu lakalekale. Amene ali ndi ndalama ndipo ntchito yake ndi yomasulira amagula dikishonale yaikulu ya Kenkyusha, imene inatuluka koyamba mu 1918 ndipo kachisanu mu 2003. Mphamvu yake ndi zitsanzo zambirimbiri zolembedwa ndi akatswiri.

Tsiku limene zinthu zimasintha ndi limene munthu walimba mtima n'kutsegula kokugo jiten, dikishonale yomasulira Chijapani m'Chijapani chomwecho. Anthu amachedwa nazo poopa kuti sadzamva matanthauzowo, koma okonza mabukuwa amabwereza mawu ochepa omweomwewo, ndipo Yomitan imakuthandizani kuwerenga tanthauzolo. Phindu lake n'lakuti amanena nthawi yogwiritsa ntchito mawu, amene amawanena, ndi kusiyana kwake ndi mawu ena ofanana nawo.

Mabukuwa ali ndi makhalidwe osiyana. Kōjien ya kampani ya Iwanami, imene inatuluka mu 1955 ndipo kachisanu ndi chiwiri mu 2018 ili ndi mawu pafupifupi 250,000, ndi yotchuka kuposa onse, koma imayamba ndi tanthauzo lakale kwambiri n'kumatsika mpaka lamakono. Wofuna kumva nyimbo ya chaka chatha ikhoza kumusocheretsa pa mzere woyamba. Daijirin ya Sanseido imayamba ndi tanthauzo la lero, ndipo imapezeka kale m'kati mwa iPhone iliyonse, kungoti muyenera kuitsegula m'makonzedwe a foni. Daijisen ya Shogakukan imawerengedwa ulere pa masamba a Kotobank ndi Weblio. Pa Chijapani cha mumsewu, kabuku kakang'ono ka Sanseido Kokugo Jiten n'kamene kamafulumira kulandira mawu atsopano. Mkonzi wake woyamba, Kenbō Hidetoshi, anatha moyo wake akudula zitsanzo m'manyuzipepala ndi kulemba zimene wamva, mpaka makadi ake anafika pafupifupi 1.45 miliyoni.

Ndipatukeko pang'ono. Dikishonale yakale imene inasamala kwambiri za mawu apakamwa sinalembedwere Ajapani. Ansembe a Chijezuiti anaisindikiza ku Nagasaki mu 1603, yomasulira m'Chipwitikizi mawu pafupifupi 32,000, ndipo ankaika zizindikiro zosonyeza kuti awa ndi mawu a ku Kyushu, awa ndi a azimayi, awa ndi achipongwe. Ankafunika kumva anthu wamba akamaulula machimo, ndipo munthu saulula machimo m'chilankhulo cha m'mabuku.

Zimene pakamwa pamachita ndi mawu

Tsopano tifike pamene pali ntchito yeniyeni. Chijapani cholankhulidwa chimameza maphatikizo, ndipo chimawameza motsata malamulo. Mnyamata wa m'filimu akati "wasurechatta", m'buku ndi wasurete shimatta: ndaiwala, ndipo zandiipira. Kamchira ka -chau ndi -te shimau wofupikitsidwa, ndipo pambuyo pa aneni ena amakhala -jau. "Ikanakya" ndi ikanakereba naranai, ndiyenera kupita, koma theka lachiwiri lonse latayidwa, moti chotsalacho pachokha chikungoti "ndikapanda kupita". "Yattoku" ndi yatte oku, ndichitiratu. "Wakannai" ndi wakaranai, sindikudziwa. "Nani shiten no?" ndi nani o shite iru no, ukutani. Anyamata ena amasintha ai ndi oi kukhala ee, ndiye sugoi amakhala sugee, ja nai amakhala janee.

Timichira timeneti si tambiri. Munthu akadziwa makumi awiri okha, theka la zimene ankaziona ngati mawu achilendo limasanduka mawu amene ankawadziwa kale. Koma malo ake si m'dikishonale ya mawu, ndi m'buku la malamulo a chilankhulo. Lodalirika kwambiri m'Chingerezi ndi A Dictionary of Basic Japanese Grammar la Seiichi Makino ndi Michio Tsutsui, limene The Japan Times inatulutsa mu 1986, ndipo linatsatiridwa ndi ena awiri mu 1995 ndi 2008. M'menemo ndi mmene mungamve ntchito ya timawu ta kumapeto kwa chiganizo, yo, ne, sa, zo, timene sititanthauza chinthu koma timasonyeza ngati wolankhulayo akukuuzani zachilendo, akufuna mumuvomereze, kapena akudzilimbitsa mtima yekha. Bungwe la Japan Foundation lilinso ndi maphunziro aulere otchedwa Irodori, okhala ndi mawu ojambulidwa, opangidwira anthu opita kukagwira ntchito ku Japan. Makambirano ake ali pafupi ndi a m'sitolo ndi a kuntchito kuposa a m'mabuku ambiri ogulitsidwa.

Msampha wina ndi kalankhulidwe ka m'madera. Akatswiri ambiri a nthabwala pa TV ya ku Japan ndi a ku Osaka ndi madera ozungulira, ndipo Chijapani cha ku Kansai chimalowanso m'nyimbo. Kumeneko kukana kumathera ndi -hen, ndiye wakaranai amakhala wakarahen. Akan ndi "sizingatheke", honma ndi "zoonadi". Choopsa ndi chau. Ku Tokyo ndi kamchira tanena kaja, koma ku Osaka, akaima payekha, ndi chigau wofupikitsidwa, kutanthauza "si choncho". Mukakayikira, lembani mawuwo pa Google pamodzi ndi 方言, kutanthauza kalankhulidwe ka dera. Nyimbo za ku Okinawa zili patali kuposa pamenepa, chifukwa chilankhulo cha kumeneko n'chosiyana kwambiri moti bungwe la boma lofufuza za chilankhulo, NINJAL, linachitulutsira dikishonale yakeyake mu 1963.

Okonda makatuni a anime ayenera kudziwa chinthu china. Katswiri wa zilankhulo Kinsui Satoshi, m'buku lake la mu 2003, anafotokoza za yakuwarigo, kalankhulidwe kopatsidwa kwa anthu a m'nthano kuti omvera awazindikire msanga. Nkhalamba yanzeru imati washi ponena za iyo mwini n'kumatseka ziganizo ndi ja. Mtsikana wa kubanja lolemera amatseka ndi desu wa. Mjapani aliyense amamva zimenezi, koma mukazitengera ku ofesi anthu akusekani. Mawu ngati omae ndi kisama, amene JMdict imangoti "iwe" n'kuika kachizindikiro kakang'ono pambali, akhoza kuyambitsa ndewu. Werengani tizizindikiro timeneto, musatidumphe.

Mawu a achinyamata amathamanga kuposa buku lililonse. Yabai anayamba ngati "zoopsa", lero amanenedwanso pa chakudya chokoma kwambiri. Kusa ndi udzu, koma pa intaneti ndi kuseka, chifukwa anthu ankalemba www kuchokera ku warai, kuseka, ndipo mzere wa ma w umaoneka ngati udzu womera. Chida chabwino pa mawu otere ndi kufufuza m'Chijapani: lembani mawuwo n'kuwonjezera とは ("n'chiyani") kapena 意味 ("tanthauzo"), mupeza Ajapani akufotokozerana okhaokha. Samalaninso ndi mawu omveka ngati Chingerezi. Konsento ndi soketi ya magetsi, manshon ndi fulati wamba, tenshon ndi chisangalalo. Baito ndi ganyu, ndipo anachokera ku Chijeremani.

Pa amvekero tili pakwathu. Chijapani chili ndi mawu ambiri ofanana ndi zii, mbee ndi psuu athu: dokidoki ndi kugunda kwa mtima, kirakira ndi kunyezimira, shiin ndi zii weniweni. Chofunika kudziwa n'chakuti amasintha maonekedwe, kirakira, kirari, kiratto, ndiye ngati mtundu umodzi sukupezeka yesani wobwerezawo. Lembo loyamba likalemera, chinthucho chakula kapena chanyanya: kirakira ndi nyenyezi, giragira ndi dzuwa lothobwa m'maso.

Kukweza ndi kutsitsa liwu nakonso tikukudziwa, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ku Tokyo ame wokwera poyamba ndi mvula, wokwera kumapeto ndi switi. Wailesi ya NHK ili ndi dikishonale ya katchulidwe imene owulutsa mawu ake amatsata, yokonzedwanso mu 2016. Yaulere ndi OJAD ya yunivesite ya Tokyo, imene imajambula mzere wosonyeza mmene liwu likuyendera m'chiganizo chonse. Pa Forvo mumamva anthu wamba akutchula mawu, ndipo YouGlish imakupezerani malo a m'mavidiyo a YouTube pomwe mawuwo anenedwa. Mawu olembedwa ndi makina pansi pa vidiyo musawakhulupirire kwenikweni, makamaka pakakhala nyimbo kumbuyo kapena anthu akamalankhulira limodzi. Ngati muli pafupi ndi Mjapani, monga odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, amene akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971, mumvetsereni kachigawo kakuvutaniko. Akuuzani msanga zimene zanenedwa, ngakhale mwina sangathe kufotokoza lamulo lake.

Nyimbo

Nyimbo imathandiza kwina n'kusokoneza kwina. Woimba amatchula timagawo tonse, ndiye suki amamveka su-ki bwinobwino, ndipo n amapatsidwa noti yakeyake. Koma kukwera ndi kutsika kwa liwu kumatsata chuni, osati mawu, moti mvula ndi switi zimafanana. Kutalika kwa lembo la liwu nakonso sikudalirika, chifukwa woimba amakoka paliponse pamene chuni chafuna. Kamawu kosonyeza pamtherankhani, kamene polankhula ndi o, ambiri amakaimba wo. Pachifukwa chimenechi kulemba mawu a nyimbo ndi khutu lokha ndi kutaya nthawi. Pezani olembedwa kale.

Mawu ofufuzira ndi 歌詞, kashi, mawu a nyimbo. Lembani mutu wa nyimbo m'Chijapani, umene pulogalamu yozindikira nyimbo ya Shazam ingakupezereni, n'kuwonjezera zilembo ziwirizo. Masamba ngati Uta-Net ndi UtaTen amasindikiza mawu a nyimbo ndi chilolezo cha mabungwe oona za umwini, lalikulu mwa iwo ndi JASRAC imene inakhazikitsidwa mu 1939. Mawu ake amatsata zimene wolemba analembadi, koma masamba ambiri otere salola kukopera, ndiye kamera ya foni ija imagwiranso ntchito. UtaTen ili ndi ubwino wina: imaika furigana, tizilembo ta hiragana tosonyeza kawerengedwe, pamwamba pa kanji.

Furigana ameneyu ndi wofunika chifukwa olemba nyimbo a ku Japan ali ndi chizolowezi cholemba mawu ena n'kuimba ena. Pa pepala pali 運命, amene dikishonale iliyonse ikuuzani kuti ndi unmei, koma woimba akuti sadame. Pali 永遠, eien, koma akuimba towa. Pali 宇宙, uchuu, chilengedwe chonse cha kuthambo, koma akuimba sora, thambo wamba. Pali 地球, chikyuu, dziko lapansi, koma akuimba hoshi, nyenyezi. Palibe amene walakwitsa. Wolembayo akufuna kuti diso lilandire tanthauzo lina ndipo khutu lilandire lina, ziwirizo zikumane m'mutu mwa womvera amene wagwira kabuku ka m'kati mwa CD. Masamba a romaji opangidwa ndi makina sadziwa zimenezi, amangolemba unmei pomwe khutu lanu likumva sadame, ndipo inu mumayamba kudzikayikira. Pakakhala mkangano wotere, khutu ndi limene likunena zoona. Fufuzani mawu onse awiri. Makina a karaoke a DAM ndi JOYSOUND amaonetsa kawerengedwe koimbidwako, chifukwa kasitomala akuyenera kuimba zomwezo.

Palinso Chijapani chakale. Nyimbo za sukulu za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nyimbo za enka (mtundu wa nyimbo zachikale zodandaula), ngakhale nyimbo zina zatsopano zofuna kumveka zolemerera, zimabwereka malamulo a chilankhulo cha m'mabuku akale. Ngakhale ana a ku Japan amapunthwa napo. Nyimbo yotchuka ya Furusato ya mu 1914, imene Takano Tatsuyuki analemba mawu ake, imayamba ndi "usagi oishi", ndipo ana ambiri amamva ngati ikuti kalulu ndi wokoma, chifukwa oishii ndi kukoma. Chonsecho oishi ameneyo ndi mneni ou, kuthamangitsa, ndi kamchira kakale kosonyeza zomwe zinachitika: phiri limene ndinkathamangitsako akalulu. Kamchira ka -nu n'kovuta kuposa apa. Zilembo 来ぬ zikawerengedwa konu ndiye kuti sakubwera, zikawerengedwa kinu ndiye kuti wafika. Mukaona mfotokozi wothera ndi -ki, ngati utsukushiki m'malo mwa utsukushii, dziwani kuti mwalowa m'Chijapani chakale, ndipo chofunika ndi kogo jiten, dikishonale ya mawu akale. Weblio ili nayo yaulere.

Kudula kwa mizere kumanamizanso. M'Chijapani zonse zofotokoza dzina zimabwera dzinalo lisanafike, ngakhale zitakhala chiganizo chathunthu. Mzere ukhoza kuthera pa kimi ga kureta, n'kumaoneka ngati wati "iwe unandipatsa", koma mzere wotsatira n'kuyamba ndi kotoba, ndipo zonse pamodzi ndi "mawu amene iwe unandipatsa". Womasulira mzere ndi mzere amatulutsa zidutswa zosagwirizana. Mneni akakhala kumapeto kwa mzere, suzumirani kaye mawu oyamba a mzere wotsatira musanaike mpumiro.

Vuto lalikulu kuposa onse lilibe dikishonale. Chijapani chimasiya mwininkhani paliponse pamene omvera angamudziwe okha, ndipo nyimbo zimamusiya ngakhale pamene sangamudziwe. Naiteta ndi kulira kumene kunkachitika, koma ankalira ndani? Mneni wa Chichewa sangaime popanda ndi-, u- kapena a-, ndiye womasulira amakakamizika kusankha pomwe wolemba sanasankhe. Google Translate ndi DeepL nazo zimasankha, mwakachetechete, ndipo kawirikawiri zimasintha munthu pakati pa ndime osakuuzani. Zizindikiro zilipo kwa wodziwa poyang'ana. Mneni wothera ndi -tai, ngati aitai, nthawi zambiri ndi khumbo la wolankhulayo, pomwe khumbo la munthu wina limanenedwa ndi -tagaru. Kureru amasonyeza kuti chinthu kapena chifundo chabwera kwa ine, ageru kuti chachoka kwa ine kupita kwa wina. Alowam'malo okha musawadalire pofuna kudziwa ngati wolankhula ndi mwamuna kapena mkazi. Boku ndi "ine" wa anyamata, koma oimba aakazi ambiri amaimba boku, ndipo mu enka muli mwambo wa amuna oimba m'mawu a mkazi wosiyidwa.

Zizindikirozi zikapanda kuthetsa nkhani, lembani mutu wa nyimbo pamodzi ndi 考察, kousatsu, kusanthula. Mupeza Ajapani atalemba masamba ataliatali okhudza nyimbo imodzi, ndipo nthawi zambiri sagwirizana kuti ankalira ndani. Kuti mumve kwa mwiniwake, onjezerani インタビュー, kucheza ndi atolankhani, m'malo mwake. Oimba a ku Japan amakonda kufotokoza nyimbo iliyonse ya m'chimbale chatsopano pocheza ndi atolankhani a masamba ngati Natalie ndi magazini ya Rockin'On Japan, ndipo machezawo amalembedwa m'Chijapani chapakamwa, ndi timichira ngati -chau tija.